Mapiritsi, mphete kapena jakisoni: PrEP iti ingayenderane ndi moyo wanu muno mu Lusaka?

Mpaka posachedwapa, mtsikana kapena mnyamata wa ku Chawama, Kanyama kapena Mtendere akapita kukiliniki kukafunsa za mankhwala odzitetezera ku HIV, yankho linkakhala limodzi: botolo la mapiritsi ili, muzimwa limodzi tsiku lililonse. Panopa njira zafika zinayi. Mapiritsi aja adakalipo, koma kwabweranso mphete yovala kumaliseche mwezi wathunthu, jakisoni wa miyezi iwiri, ndi jakisoni wa miyezi isanu ndi umodzi. Zonsezi ndi PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachilombo amalandira kuti kachilomboko kakafika m'thupi kalephere kukhazikika.

Nkhaniyi ikutikhudza ife a mu Lusaka kuposa ena. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti m'Zambia monse anthu 11 mwa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV, koma m'chigawo cha Lusaka chiwerengerocho chinali 14.4 peresenti, kuposa zigawo zina zonse. Akazi ndiwo akunyamula katundu wolemera: 13.9 peresenti, pamene amuna ali pa 8.0.

Achinyamata ambiri amafunsa kuti mankhwala amphamvu kwambiri ndi ati. Funsolo ndi labwino, ndipo ndiliyankha. Koma limene limasiyanitsadi munthu wotetezeka ndi wosatetezeka ndi lina: pa njira zinayizi, ndi iti imene mudzakhale mukuitsatirabe miyezi 12 ikubwerayi, ndipo ndi iti imene idzapezekebe pamalo amene mungafikeko mosavutikira ndalama ya minibasi?

Tiyambe ndi mapiritsi, chifukwa ndiwo muyeso woyezera zina zonse. Muli mankhwala awiri, tenofovir ndi mnzake emtricitabine kapena lamivudine. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2015 kuti aziperekedwa kwa aliyense amene ali pachiopsezo chachikulu. Munthu akamamwa mosadumphitsa, chitetezo chake ndi chachikulu zedi, kupitirira 90 peresenti. Amapezeka m'makiliniki ambiri aboma, sawononga ndalama zambiri, ndipo mukafuna kusiya amatha msanga m'thupi. Ngati mwayamba lero, dikirani masiku 7 musanawadalire.

Vuto la mapiritsi lili kunyumba, osati m'magazi. Taganizani za mtsikana wa zaka 19 amene akukhala ndi azakhali ake m'nyumba ya zipinda ziwiri ku John Laing, ndipo amagona chipinda chimodzi ndi asuweni ake atatu. Botolo lija alibisa pati? M'chikwama limachita phokoso akamayenda. Pansi pa matiresi wosesa alipeza. Ndipo limafanana kwambiri ndi botolo la ma ARV, moti wolipeza safunsa kawiri. Pofika madzulo nkhani yafika kale pampopi. Atsikana ena amakhuthulira mapiritsi m'kapepala kapena m'botolo la mafuta odzola, ena amangosiya. Izi si ulesi. Ngakhale m'kafukufuku wamkulu wa PURPOSE 1, amene anachitika ku South Africa ndi Uganda pakati pa atsikana a zaka 16 mpaka 25 amene ankalangizidwa pafupipafupi, magazi anasonyeza kuti ambiri mwa amene anapatsidwa mapiritsi sankamwa mokwanira.

Anyamata ali ndi kanjira kena kamene atsikana alibe: mapiritsi awiri pakati pa maola 2 ndi 24 musanagonane, limodzi pakatha maola 24, lina pakatha maola 48, kuwerengera pamene munamwera awiri oyamba aja. Kamathandiza amene amagonana patalipatali ndipo amadziwiratu tsiku. Kwa amene zinthu zimangochitika Loweruka usiku mosakonzekera, njira imeneyi siyawo. Funsani anamwino musanaiyese nokha.

Mphete ndi njira imene anthu amaidumpha msanga, mwina msanga kwambiri. Ndi kamkombero kofewa ka silikoni kokhala ndi mankhwala a dapivirine. Mkazi amakafinya ndi zala ziwiri, n'kukalowetsa kumaliseche atanyonyomala kapena atakweza mwendo umodzi pampando, kenako n'kukakankhira m'kati ndi chala. Kakakhala bwino sikamveka. Kamakhala momwemo masiku 28, posamba, pogonana, ngakhale pa nthawi ya kumwezi, kenako amachotsa n'kuika katsopano. WHO inavomereza mphete imeneyi mu Januwale 2021.

Mphamvu yake ndi yocheperapo, ndipo tisabisane. Makafukufuku awiri akuluakulu, ASPIRE ndi The Ring Study, anapeza kuti imachepetsa chiopsezo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo akazi atadziwa kuti imagwiradi ntchito n'kumaivala mokhulupirika, chitetezocho chinaoneka kukwera kufika cha m'ma theka. Imateteza pokhapo pamene yakhala. Pogonana kudzera kumbuyo sithandiza konse. Si njira yolerera. Komabe pali chimene chimandichititsa kuilemekeza. M'kafukufuku wa REACH, atsikana a zaka 16 mpaka 21 a ku Uganda, Zimbabwe ndi South Africa anayesa mphete miyezi isanu ndi umodzi, mapiritsi miyezi isanu ndi umodzi, kenako anapatsidwa ufulu wosankha. Awiri mwa atatu alionse anasankha mphete. Mtsikana amene amaopa singano, amene mapiritsi amamuchititsa nseru, amene akufuna chinthu choti angaike ndi kuchotsa yekha popanda kupempha munthu, ali bwino ndi chitetezo cha theka chimene akuchivaladi kusiyana ndi botolo lamphamvu limene lili m'sutikesi. Kungoti mphete sipezeka paliponse, ndiye muyambe mwafunsa ngati ilipo.

Tsopano majakisoni, amene ndiwo akopa mitima ya ambiri.

Woyamba ndi cabotegravir, amene azaumoyo amangomutchula kuti CAB-LA, wopangidwa ndi kampani ya ViiV Healthcare. Zambia ili ndi mbiri yake pa jakisoni ameneyu: mu Febuluwale 2024 anayamba kuperekedwa m'boma la Chibombo, ndipo dziko lathu linali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kumupereka kwa anthu wamba kunja kwa kafukufuku. Amabayidwa m'mnofu wa thako, mamililita atatu. Mukalandira woyamba mumabwerera pakatha mwezi umodzi, kuchoka pamenepo ndi miyezi iwiri iliyonse. M'kafukufuku wa HPTN 084, wa akazi a m'mayiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Malawi, Zimbabwe ndi Botswana, amene ankabayidwa anatenga kachilombo mochepa ndi pafupifupi 88 peresenti poyerekeza ndi amene ankamwa mapiritsi. Kwa amuna ogonana ndi amuna anzawo, m'kafukufuku wa HPTN 083, kusiyanako kunali 66 peresenti.

Jakisoniyu amapweteka. Thako limalemera tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ena amavutika kukhala pabenchi ya m'kalasi kapena pampando wa minibasi tsiku loyamba. Ululuwo umachepa pa majakisoni otsatira. Chimene chimavuta kwambiri ndi kalendala: maulendo asanu ndi limodzi pachaka, ndipo mpata wololedwa ndi sabata imodzi yokha tsiku lanu lisanafike kapena litadutsa. Kwa mayi wachitsikana amene amapita kale kukiliniki kusikelo ya mwana kapena kukabayitsa jakisoni wolerera, zimenezi n'zotheka. Kwa wophunzira wa pa UNZA kapena pa Evelyn Hone amene amapita kwawo ku Petauke kapena ku Lundazi patchuthi chachitali, kapena mnyamata wothandiza pa thiraki ya ku Nakonde ndi Chirundu, miyezi iwiri imatha asanazindikire.

Wachiwiri ndi lenacapavir, wa kampani ya Gilead, ndipo ameneyu ndiye wasintha nkhani yonse. M'kafukufuku wa PURPOSE 1 uja, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, pa atsikana 2,134 amene anabayidwa lenacapavir panalibe ngakhale mmodzi amene anatenga HIV. Pa atsikana 1,068 amene anapatsidwa mapiritsi akale aja, 16 anatenga. M'kafukufuku mnzake wa PURPOSE 2, amene ambiri anali amuna ogonana ndi amuna anzawo, anthu awiri okha mwa opitirira 2,000 amene anabayidwa ndi amene anatenga. America inamuvomereza mu Juni 2025, WHO mu Julayi chaka chomwecho pamsonkhano wa ku Kigali, ndipo mu Novembala 2025 Zambia ndi Eswatini anakhala mayiko oyamba mu Africa kulandira katundu woyamba.

Tsiku loyamba limayenda chonchi. Mumayezetsa magazi. Zikakhala bwino, anamwino amakubayani kawiri pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, mbali ziwiri zosiyana. Pomwepo mumamwa mapiritsi awiri, ndipo amakupatsani ena awiri oti mukamwe mawa lake kunyumba. Mapiritsi anayiwa musawanyoze: jakisoni amatulutsa mankhwala pang'onopang'ono, ndiye mapiritsiwo ndi amene amakweza mankhwala msanga m'magazi masiku oyambirira. Mukatero mwamaliza mpaka patapita masabata 26, ndipo pali mpata wa masabata awiri mbali zonse. Pamalo obayidwapo anthu ambiri amamva kachotupa kolimba pansi pa khungu. Kawirikawiri sikaoneka ndi maso koma kamamveka ukakhudza, ndipo kangakhalepo miyezi ingapo. Pamenepo ndi pamene mankhwala akhala. Musakafinye, musakatenthe ndi madzi otentha, musapite nako kwa asing'anga. Koma ngati muli ndi chibwenzi chokonda kufunsa mafunso, ndi bwino kudziwiratu kuti kachotupako kadzakhalapo, mukonzeretu choyankha, kapena mufunse anamwino ngati angabaye pantchafu.

Ndikanakhala kuti ndikusankhira mng'ono wanga, ndipo njira zonse zinayi zili patebulo, ndikanati atenge lenacapavir. Maulendo awiri pachaka munthu angawamangirire ku zinthu zosaiwalika, monga kutsegulira kwa sukulu ndi nyengo yozizira. Palinso chifukwa china chimene sichikambidwa kawirikawiri. Cabotegravir ndi wa banja limodzi ndi dolutegravir, mankhwala amene ali mu TLD, piritsi limene anthu ambiri okhala ndi HIV m'Zambia amamwa. Ngati munthu watenga kachilombo ali pa cabotegravir osadziwa, kachilomboko kangaphunzire kulimbana ndi banja lonselo, ndipo chithandizo chake cham'tsogolo chimavuta. Zimachitika mwa apo ndi apo, koma zimachitika. Lenacapavir ndi wa banja latsopano, amagwira chikhokhombe cha kachilombo, choncho ngakhale kachilombo katamuzolowera, TLD amagwirabe ntchito.

Koma njira zonse zinayi sizikhala patebulo limodzi. Lenacapavir akubwera pang'onopang'ono kudzera ku Global Fund (thumba la mayiko ambiri lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo) ndi PEPFAR (pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi Edzi), amene analonjeza kufikira anthu 2 miliyoni m'mayiko angapo pa zaka zitatu, ndipo chiwerengero chimenecho n'chaching'ono tikaganiza za Africa yense. Ku America mtengo wake ndi wopitirira madola 28,000 pachaka. Makampani a ku India, Dr. Reddy's ndi Hetero, agwirizana kuti azipanga pa madola 40 pachaka, koma zimenezo zikuyembekezeka kuyamba mu 2027. Kufikira nthawi imeneyo, ena adzafika kukiliniki n'kuuzidwa kuti jakisoni watha kapena akuyamba ndi amayi apakati ndi oyamwitsa. Chimene ndikupempha n'chakuti musabwerere chimanjamanja. Tengani mapiritsi tsiku lomwelo, mulembetse dzina, muzidikira muli otetezeka. Kusintha kuchoka pa mapiritsi kupita pa jakisoni n'kosavuta.

Pali chinthu chimodzi chokhudza majakisoni onse awiri chimene ndikufuna tichimvetse bwinobwino, chifukwa pamenepa ndi pamene achinyamata angavulalire. Mankhwala okhalitsa m'thupi amachedwanso kutuluka. Mukasiya kubayitsa, otsalira amatha pang'onopang'ono kwa chaka chathunthu kapena kupitirira. Zili ngati mbaula imene makala ake akutha: ukaigwira ikuotchabe, koma nsima singapse. Pa nthawi imeneyo mankhwala ndi ochepa moti sangakutetezeni, koma ndi okwanira kuti kachilombo kakalowa kawazolowere. N'chifukwa chake munthu amene wasiya jakisoni koma akugonanabe popanda kondomu amauzidwa kuti amwe mapiritsi a PrEP, ndipo n'chifukwa chake amakuyezani magazi musanalandire jakisoni aliyense. Ngati masabata apitawa munagonana mosadziteteza ndipo mwadwala malungo osadziwika bwino, zilonda zapakhosi kapena zidzolo, nenani musanabayidwe. Kachilombo kongolowa kumene nthawi zina sikaoneka pa kuyeza koyamba.

Nenaninso za mankhwala ena amene mukumwa. M'makomboni mwathu TB ilipo yambiri, ndipo rifampicin, mmodzi wa mankhwala a TB, amathamangitsa majakisoni onse awiri m'thupi. Cabotegravir saperekedwa limodzi ndi rifampicin, ndipo lenacapavir amafuna kuti adokotala awonjezere mlingo. Mankhwala ena a khunyu, monga carbamazepine ndi phenytoin, amachitanso chimodzimodzi. Mapiritsi a PrEP alibe vuto limeneli, ngakhale kuti iwo amafuna impso zabwino. Amene ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B asasiye mapiritsiwa mwadzidzidzi popanda kuuza achipatala, chifukwa tenofovir amaletsanso kachilombo ka matendawo. Za kulera musade nkhawa: jakisoni wolerera, ka pamkono ndi mapiritsi olerera zimayendera limodzi bwinobwino ndi PrEP ya mtundu uliwonse. Ndipo palibe PrEP imene imaletsa mimba, chindoko kapena chinzonono. Ntchito imeneyo idakali ya kondomu.

Nanga mukalandirira kuti? Pamenepa ndi pamene nkhani ya malo othandizira achinyamata m'komboni imalowera. Zipatala za Chawama, Kanyama, Matero, Chilenje ndi Chipata, pamodzi ndi makiliniki ang'onoang'ono, zimapereka PrEP, ndipo zambiri zili ndi kachipinda ka achinyamata. Koma aliyense amene anakulira m'komboni akudziwa chimene chimabweza mtsikana pageti. Pamzere pali amayi a kutchalitchi. Wolemba makhadi ndi mnansi. Chitseko chimene akulozeredwa ndi chomwe chija anthu amalandirirako ma ARV. Mnyamata ndiye safika n'komwe, amati kukiliniki ndi kwa azimayi ndi ana.

Bungwe la Zambart linayesa njira ina muno mu Lusaka kuyambira mu 2019, pa ntchito yotchedwa Yathu Yathu. M'madera awiri anatsegula timalo ta achinyamata a zaka 15 mpaka 24 m'kati mwa komboni momwemo, kutali ndi kiliniki, ndipo olandira alendo anali achinyamata anzawo ophunzitsidwa. Munthu ankayezetsa HIV, kutenga makondomu, kuphunzira za kulera, ndipo anali ndi khadi yosonkhanitsira mapointi oti asinthanitse ndi zinthu monga sopo. Mapeto ake, achinyamata odziwa mmene m'magazi mwawo mulili anachuluka kwambiri m'madera amene munali timaloti kusiyana ndi m'madera ena, ndipo anyamata nawo anabwera. Ine ndimaona kuti jakisoni wa kawiri pachaka ndi woyenera malo otere kuposa mankhwala ena onse: namwino mmodzi, kuyeza kwa pachala kumene WHO inati n'kokwanira, ndi wachinyamata wa m'dera lomwelo amene ali ndi nambala yanu ya foni ndipo angakukumbutseni pa WhatsApp kuti tsiku layandikira.

Koma timalo totere tili ndi chofooka chake, ndipo tinachiona ndi maso mu 2025. Boma la America litaimitsa thandizo lakunja mu Januwale chaka chimenecho, malo ambiri a m'madera, kuphatikizapo a atsikana a pulogalamu ya DREAMS, anatseka kapena kuchepetsa ntchito, ndipo ena amene anali atayamba PrEP anasowa kolowera. Munthu wa mapiritsi akapeza chitseko chotseka angapite kukiliniki ina n'kupeza mapiritsi omwewo. Munthu wa jakisoni sizikhala choncho nthawi zonse. Ndiye tsiku loyamba lomwelo, singano isanalowe, funsani kuti: "A nesi, malo ano akadzatseka kapena ndikadzasamuka, jakisoni wotsatira ndikamupeza kuti?" Funsaninso ngati dzina lanu lalembedwanso ku kiliniki yaboma imene malowo amagwira nayo ntchito, ndipo mujambule khadi yanu pafoni. Anthu a mu Lusaka timasamuka kwambiri. Lendi ikakwera ku Kalingalinga, mwezi wamawa munthu ali ku Ng'ombe kapena ku Garden.

Amayi apakati ndi oyamwitsa asaganize kuti nkhaniyi si yawo. Nthawi ya mimba ndi yoyamwitsa chiopsezo chotenga HIV chimakwera, ndipo mayi akatenga kachilombo nthawi imeneyo n'kosavuta kupatsira mwana. Mapiritsi a PrEP akhala akugwiritsidwa ntchito ndi amayi apakati kwa zaka zambiri, ndipo atsikana amene anatenga mimba ali mu PURPOSE 1 analoledwa kupitiriza lenacapavir. Kusikelo ndi malo abwino ofunsira.

Kwa anyamata, mphete si yanu, koma njira zitatu zotsalazo ndi zanunso. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo choti mwamuna atenge HIV kuchokera kwa mkazi ndi pafupifupi 60 peresenti, ndipo ndi wa kamodzi basi, koma mbali yotsalayo ndi yaikulu ndithu moti wodulidwa amene ali ndi zibwenzi zingapo akufunikabe PrEP kapena kondomu. Ndamvapo anyamata akunena kuti PrEP ndi ya atsikana oyendayenda. Mawu amenewo abweza anthu ambiri amene akanathandizidwa, kuphatikizapo mtsikana wa chibwenzi chimodzi chokha amene sadziwa kumene mnzakeyo amagona Lachisanu.

Ngati tsiku lanu la jakisoni ladutsa, musachite manyazi n'kubisala. Pitani sabata yomweyo. Adzakuyezani, ndipo ngati mwachedwa kwambiri adzakuyambitsani mwatsopano: kwa lenacapavir ndi mapiritsi anayi aja pamodzi ndi jakisoni, kwa cabotegravir ndi majakisoni awiri otalikirana mwezi umodzi. Ngati mukudziwiratu kuti mudzakhala kumudzi tsikulo, nenani musananyamuke kuti akubayeni msanga m'kati mwa mpata wololedwa, kapena akupatseni mapiritsi oti mumwe kufikira mutabwerera. Ndipo ngati munagonana popanda kondomu pa nthawi imene munalibe chitetezo, kapena munagwiriridwa, chofunika si PrEP koma PEP: mankhwala a masiku 28 amene ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amagwira bwino kwambiri mukayamba tsiku lomwelo. Musadikire kuti malo a achinyamata atsegule Lolemba. Zipatala zikuluzikulu za m'makomboni, UTH ndi Levy Mwanawasa zimalandira anthu usiku ndi pa Sabata pomwe.